Zidindo za poloti ya mu Blantyre

Munthu wofuna kumanga nyumba za lendi mu Blantyre amapeza kuti nthaka imodzi ili ndi oilamulira angapo: khonsolo ya mzinda, unduna wa za malo, a Malawi Housing Corporation, ndiye chapambali apo a mfumu. Aliyense ali ndi chidindo chake. Ambiri amati ndi chipwirikiti cha masiku ano. Ine ndimati chinabadwa limodzi ndi tauniyo.

Amishoni a Church of Scotland atafika mu 1876, malo anachita kupempha kwa mfumu Kapeni. Pofika 1892 zinthu zinali zitatembenuka: Harry Johnston anayamba kupereka kwa azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zotsimikiza kuti malo amene anawatenga kwa mafumu posinthana ndi nsalu, mikanda ndi mfuti ndi awodi. Kampani ya African Lakes, ija timangoti Mandala, pamodzi ndi anthu monga John Buchanan ndi Eugene Sharrer, anakhala eni minda yoti kuizungulira wapansi dzuwa limakulowera. Obadwira pamalopo anasanduka alendo olipira thangata.

Tauni itayamba kukula, malamulo ake omangira nyumba anagwira ntchito ya mpanda. Sipankafunika kulemba kuti wakuda asamange. Kungofuna njerwa zootcha, malata ndi pulani yovomerezeka kunali kokwanira kuthamangitsa munthu wolandira mashilingi ochepa pamwezi. Ophika, amtengatenga ndi akalaliki ankagwira ntchito m'tauni masana, madzulo n'kukagona m'midzi ya kunja kwa malire, ndipo Ndirande anakula motero. Kumeneko chilolezo chinali mawu a nyakwawa, basi. Malire a mzinda atafutukuka n'kumeza midziyo, mafumu sanasamuke, ndipo anthu sanasiye kupita kwa iwo.

Boma la Kamuzu linayesa kulumikiza ziwirizi, malamulo a m'tauni ndi mphamvu za mafumu. Malawi Housing Corporation inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo lamulo la malo la 1965 linagawa nthaka patatu: ya boma, ya munthu payekha, ndi ya mafumu. Nzeru yabwino kwambiri ya nthawi imeneyo, kwa ine, inali madera a THA (Traditional Housing Areas), monga Zingwangwa, Chilomoni ndi Bangwe. Masaveya ankadula mapoloti n'kuika mabikoni, kusiya misewu, ndipo iwe unkaloledwa kumanga ndi zidina malinga ndi thumba lako. Lamulo linkati nyumba imodzi, koma amayi ndi abambo athu ankawonjezera mdadada wa zipinda kuseri n'kuikamo alendi. Alandilodi ambiri a mu Blantyre anayambira pomwepo, osati ku banki. Oyendera ankaona, koma nanga anthu onsewo akanagona kuti? Vuto linali lakuti mapoloti sankakwana. Mayina ankakalamba pa mndandanda. Pakati pa tauni pokha m'pamene dzanja linkalemera: nyumba zoonongeka zinkapakidwa nyenyezi yofiira, kutanthauza kuti mwini wake akonze kapena agwetse.

Ndinaonapo kalata imene azakhali anga anagulira malo m'mbali mwa phiri. Ndi pepala long'ambidwa mu kope la sukulu. Malire ake akuti kuchokera pa mtengo wa mango kufika pa ngalande, kumtunda kulekeza pa mwala waukulu. Pansi pali mayina a mboni ziwiri, chala cha wogulitsa, ndi chidindo cha a mfumu chopendekeka. Mango aja anadulidwa kalekale. Komabe m'dera monsemo palibe amene angatsutse kalatayo, pomwe ku ofesi iliyonse ya za malo angaiyang'ane n'kukubwezera. Lizi ya zaka 99 ndi imene banki imaidziwa, koma njira yake ndi yaitali: saveya, pulani ya nyumba yojambulidwa ndi katswiri, komiti ya mapulani, ndalama pa khomo lililonse. Madobadoba amadyera pa mpata umenewu, ndipo poloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu atatu si nkhani yodabwitsanso.

Malamulo sanasowe. La mapulani a mizinda la 1988 linalowedwa m'malo ndi lina mu 2016, chaka chimene nyumba ya malamulo inavomerezanso malamulo atsopano a malo, ndipo mu 2022 anawakonzanso, kuphatikizapo kuletsa kugulitsa malo kwa anthu amene si nzika. Pa pepala, m'malire a mzinda mfumu ilibe mphamvu yogawa malo. Koma nyumba zinapitirira kukwera phiri la Soche, pamalo amene mapulani sanalolepo kumanga, mpaka namondwe Freddy mu Malichi 2023 anatsitsa matope ndi miyala pa Chilobwe ndi Manja, n'kupha anthu ochuluka. Ena anati ndi kusamva kwa omangawo. Ine sindinamvepo wonena zimenezi akutchula kumene munthu wogulitsa makala kapena wolondera usiku akanapeza poloti yovomerezeka pa mtengo woti angaukwanitse.