Kodi chombo cha m'mlengalenga chiyenera kufanana mbali zonse?

Chofunika pa chombo cha m'mlengalenga si kufanana kwa mbali zake, koma kuti mphamvu ya injini idutse pakati penipeni pa kulemera kwa chombocho. Kupanda kutero, chombo chimazungulira n'kusiya njira, monga momwe njinga yonyamula mabelo a kaunjika ku Msika wa Tsoka imapendekekera katundu akachuluka mbali imodzi.

Roketi zambiri zimafanana mbali zonse chifukwa zimaboola mpweya pochoka padziko. Kutali m'mlengalenga mpweya kulibe, choncho maonekedwe sasokoneza ulendo.

Pa chombo cha Eagle, chomwe chidatera pamwezi mu 1969, akatswiri adaika thanki yopepuka kutali ndi pakati, ndipo yolemera adaiyandikiza. Mu 2016, roketi ya Atlas V idanyamula chombo cha OSIRIS-REx ili ndi injini yothandizira imodzi yokha m'mbali, ndipo injini yaikulu ndiyo idawongolera ulendowo popendeketsa moto wake.

Lamuloli likupezekanso m'masewero a pakompyuta a Kerbal Space Program, omwe adamalizidwa mu 2015. Wosewera akalinyozera, chombo chake chimagubuduzika chisadafike patali.