Mwana akamachedwa kuyankhula kapena kuyenda: thandizo lomwe lilipo ku Leeds

Kumudzi kwathu, mwana akafika zaka zitatu asanayambe kuyankhula, agogo amati asiyidwe, bambo ake nawonso anachedwa. Ena amayamba kunong'ona za ufiti kapena kuloza mayi chala. Kuno ku England mwana wotere ali ndi ufulu wolembedwa m'malamulo, koma thandizo silibwera lokha. Kholo liyenera kudziwa khomo loyenera kugogoda, ndipo ligogode msanga.

Mavuto amene tikunena

Autism imakhudza mmene mwana amalankhulira, amachezera ndi anzake komanso mmene amamvera phokoso, kuwala kapena kukhudzidwa. ADHD imachititsa kuti mwana azivutika kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Cerebral palsy imabwera ubongo ukavulala mwana ali m'mimba, pobadwa kapena atangobadwa kumene, ndipo imakhudza kayendedwe ndi kagwiridwe ka zinthu. Palinso khunyu, Down syndrome ndi vuto lophunzira mochedwa. Mwana amene anadwalapo malungo a mu ubongo kwathu akhoza kutsala ndi khunyu kapena vuto la kuphunzira, choncho uzani adokotala mbiri imeneyi.

Zonsezi si ufiti, si tsoka, ndipo si kulera koipa. Katemera wa MMR sayambitsa autism: kafukufuku wa mu 1998 amene anafalitsa mantha amenewa anapezeka kuti anali wachinyengo, ndipo magazini ya The Lancet inamuchotsa mu 2010.

Poyambira

Mwana wosakwana zaka zisanu, yambani ndi health visitor kapena GP wanu. Mwana aliyense amayezedwa kakulidwe ali pakati pa zaka 2 ndi 2 ndi theka. Musaphonye tsikuli, ndipo tengani buku lofiira la mwana lija. Ku Leeds, madokotala a ana, akatswiri a kalankhulidwe ndi a mafizo amagwira ntchito pansi pa ICAN, nthambi ya Leeds Community Healthcare NHS Trust. Matenda a ubongo ofuna akatswiri amaonedwa ku Leeds Children's Hospital, ku Leeds General Infirmary. Ngati Chingerezi cha kuchipatala chikukuvutani, pemphani womasulira, simulipira.

Mzere wodikira kuyezedwa autism ndi ADHD ndi wautali. Funsani GP za Right to Choose, dongosolo lomwe limalola odwala ku England kusankha chipatala china chomwe chili pa mgwirizano ndi NHS.

Kusukulu

Simufunika kudikira kalata ya dokotala kuti sukulu iyambe kuthandiza. Sukulu iliyonse ya boma ili ndi mphunzitsi wotchedwa SENCO, woyang'anira ana ofuna thandizo lapadera. Pemphani kukumana naye, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe. Lamulo la Equality Act 2010 limakakamiza sukulu kusintha zina ndi zina kuti mwana wolumala asatsalire, monga kumupatsa malo abata kapena nthawi yowonjezera.

Thandizo la sukulu likachepa, pali EHCP. Ichi ndi chikalata cha lamulo, chochokera ku Children and Families Act 2014, chofotokoza zosowa za mwana pa maphunziro, umoyo ndi chisamaliro, komanso thandizo lomwe khonsolo iyenera kupereka. Chimagwira ntchito kuyambira pobadwa mpaka zaka 25. Kholo likhoza kupempha lokha ku Leeds City Council, popanda chilolezo cha sukulu. Ofesi yoona za izi ndi SENSAP. Khonsolo iyenera kuyankha pasanathe masabata 6 ngati imuyeza mwanayo, ndipo ntchito yonse iyenera kutha m'masabata 20. Ikakana, muli ndi miyezi iwiri yochita apilo ku SEND Tribunal, mutalankhula kaye ndi mkhalapakati. Sungani kalata iliyonse m'fayilo imodzi ndipo lembani masiku.

Ana ambiri amaphunzira m'sukulu wamba ndi thandizo. Ofuna chisamaliro chochuluka amapita ku sukulu zapadera, zomwe zina ku Leeds zimatchedwa SILC.

Ndalama ndi visa

Apa m'pofunika kusamala. Mwana wosakwana zaka 16 wofuna chisamaliro choposa anzake akhoza kulandira Disability Living Allowance. Koma ndalama imeneyi ili m'gulu la public funds. Ambiri mwa ife tinabwera pa visa ya ntchito kapena ya sukulu yokhala ndi lamulo loletsa kulandira ndalama zimenezi, ndipo kupempha molakwika kukhoza kusokoneza mapepala anu. Musanadzaze fomu, funsani Citizens Advice kapena loya wa za visa.

Sukulu ya boma ndi EHCP sizili m'gulu limeneli. Thandizo la khonsolo kwa mwana wolumala pansi pa gawo 17 la Children Act 1989 nalonso silili m'gululi. Kupempha thandizo loterelo sikutanthauza kuti akulandani mwana.

Komwe mungapeze anzanu

Leeds SENDIASS imapereka uphungu waulere ndi wosakondera pa nkhani za sukulu ndi EHCP. Tsamba la pa intaneti la Leeds Local Offer lili ndi mndandanda wa thandizo lonse mumzindawu, ndipo la MindMate limafotokoza za autism ndi ADHD. Mabungwe monga Leeds Mencap ndi SNAPS Yorkshire amakonza zochitika za ana ndi kukumanitsa makolo. Kholo lomwe linadutsamo kale lidzakuuzani zomwe fomu silemba.

Kunyumba

Musasiye Chichewa. Kuyankhula zilankhulo ziwiri sikuyambitsa autism kapena kuchedwa kuyankhula, ndipo akatswiri a kalankhulidwe amalimbikitsa kholo kuyankhula ndi mwana m'chilankhulo chomwe limachidziwa bwino. Afotokozereni azibale ake zomwe zikuchitika, m'mawu osavuta, kuti asamachite naye manyazi kapena kuganiza kuti mukumukondera. Musamubise kutchalitchi, kumzikiti kapena kumisonkhano ya Amalawi. Uzaninso agogo ake kumudzi dzina la vutolo, kuti pofunsa za mdzukulu wawo azifunsa mmene sukulu ikuyendera.