Chiyao, Chisilamu ndi Ndale ku Mangochi

Kufooka kwa Chiyao m'sukulu za ku Mangochi kunachokera ku ndale kuposa ku chipembedzo. Mu 1968 msonkhano wa chipani cha MCP unasankha Chichewa kukhala chiyankhulo cha dziko, ndipo Chiyao chinadzapeza malo pa wailesi ya MBC mu 1996, nthawi ya Bakili Muluzi. Ena amati Asilamu okakamira miyambo ndiwo anachibweza m'mbuyo pokaniza ana awo sukulu. N'zoona kuti makolo ambiri ankaopa kuti sukulu za mishoni, monga ya UMCA ku Malindi, zidzabatiza ana awo. Koma mantha amenewa sanachiphe Chiyao: ku madrasa mwana ankaloweza Chiarabu, mwalimu n'kumamufotokozera m'Chiyao, ndipo m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja mashehe ambiri amalangizabe anthu m'chiyankhulo chomwechi.