Kuwotcherera mapaipi a mafuta ndi gasi: kumasiyana pati ndi kuwotcherera geti?

Paipi ya gasi yochoka ku Temane ku Mozambique kukafika ku Secunda ku South Africa ndi yotalika makilomita 865. Paipi zotere sizibwera zathunthu ayi. Zimabwera m'zidutswa za mamita pafupifupi 12, ndiye pa kilomita imodzi pamakhala malo olumikiza oposa 80. Malo amodzi okha akang'ambika, gasi amatuluka ndipo moto wake si wamasewera.

Zitsulo zake zili ndi mayina ngati X65, X70 ndi X80. Nambala ikamakula, chitsulonso chimapirira mphamvu yochuluka. Makampani amazikonda chifukwa paipi imatha kukhala yopyapyala koma yolimba, ndiye ndalama zogulira ndi kunyamula zimachepa. Vuto ndi loti chitsulo cholimba chonchi sichichedwa kung'ambika chikawotcheredwa mwachisawawa.

Mdani wamkulu ndi mpweya wa hydrogen. Umachokera ku chinyezi, dzimbiri, girizi ngakhalenso marodi onyowa, n'kulowa m'chitsulo chikadali chosungunuka. Pamalopo pakazizira mwachangu, m'mbali mwa chowotchereracho mumauma gwa, hydrogen uja n'kutsekeredwa momwemo. Chopweteka n'choti mng'alu suoneka pompo. Mutha kumaliza ntchito, pooneka bwinobwino, anthu n'kuweruka, kenako mng'alu n'kubadwa patapita maola kapena tsiku lonse.

N'chifukwa chake amayamba atenthetsa kaye paipi asanaiwotcherere, kuti izizizira pang'onopang'ono ndipo hydrogen apeze mpata wotuluka. Marodi monga E7018 amasungidwa mu uvuni kuti asakoke chinyezi. Zoika marodi pakhonde usiku wonse kulibe kumeneko. Moto ukachulukitsanso ndi vuto lina, chitsulo chimataya kulimba kwake. Ndiye wowotcherera sayendera maganizo ake, amatsatira pepala lonena kukula kwa moto, liwiro ndi kuchuluka kwa mizere. Ngakhale akhale katswiri wa zaka 20, amayesedwa kaye asanakhudze paipi, nthawi zambiri potsatira malamulo a API 1104.

Akamaliza, malo olumikizawo amawaunika ndi X-ray kapena makina a ultrasound, ngati momwe amachitira kuchipatala. Pakapezeka vuto amaperesa n'kubwerezanso, apo ayi amadula. Pomaliza amadzaza madzi m'paipimo n'kuwapopa mwamphamvu kuposa momwe gasi azidzayendera, kuti ngati pali pofooka paphulike muli madzi, osati gasi.