Kugwedezeka kwa Makina: Zimene Kumacita ku Makutu ndi Mau a Anchito a mu Migodi

Dalaivala wa makina okumba pansi pa mgodi wa Nkana ku Kitwe, kapena wa cigalimoto conyamula miyala ya laimu ku Ndola, amathela maola ambili pa mpando wogwedezeka mosalekeza. Kugwedezekako kumalowa m'thupi kudzela pa mpando ndi kumapazi, n'kukwela ndi msana mpaka kumutu. Akatswili amawelenga kangati thupi ligwedezeka pa sekondi imodzi, ndipo anapeza kuti limavutika kwambili likamagwedezeka nthawi 4 kufika 8.

Cimene cimagonthetsa anchito makamaka ndi phokoso. Likapitilila madesibelo 85 kwa maola 8 tsiku ndi tsiku, limaononga tumaselo tooneka ngati ubweya mkati mwa khutu, ndipo tukafa situmelanso. Kugwedezeka pakokha sikuononga makutu kwenikweni. Koma ofufuza ena anapeza kuti kukaphatikizana ndi phokoso, munthu amatha nchito makutu atagontha pang'ono kuposa mmene zikanakhalila ndi phokoso lokha. Zotseka m'makutu zimacepetsa phokoso, koma sizingaletse kugwedezeka kumene kwalowela pa mpando.

Mau nawonso amasintha. Munthu akamakamba, mpweya umacoka m'mapapu n'kudutsa pa kholingo. Cifuwa cikamagwedezeka, mpweyawo umatuluka moduka-duka, ndipo mau amanjenjemela monga a munthu wogwidwa ndi mphepo. Pansi pa mgodi iyi si nkhani yaing'ono: cenjezo la mwala wofuna kugwa limapelekedwa pa wailesi, ndipo wolandilayo nayenso ali m'phokoso. N'cifukwa cake ndi bwino kuimitsa makina musanakambe, ndipo wolandila uthenga aubweleze.

Maiko a European Union anaika malile a kugwedezeka kwa pa nchito m'lamulo la mu 2002, makamaka pofuna kuteteza msana. Njila zocepetsela n'zodziwika: kusalaza misewu ya mu mgodi, kukonza mipando ya masipuling'i, kucepetsa liwilo ndi kusinthana pa makina.

Wanchito amene m'makutu mumalila akaweluka, kapena amene amapempha anzake kubweleza zimene akamba, afunika kukapimitsa. Ku Kitwe kuli Occupational Health and Safety Institute yopima anchito a mu migodi, ndipo madandaulo a cipukuta misozi amapita ku Workers' Compensation Fund Control Board.