Chaji, mphamvu yokoka ndi volteji: zomwe zimachitika mphenzi isanagwe

M'miyezi ya June ndi July, mwera ukamaomba mpweya n'kuuma, munthu akamavula juzi ya nayiloni mumdima amamva kuthetheka, nthawi zina n'kuona timoto ting'onoting'ono. Mwana wa sukulu akakwecha bolopeni m'tsitsi lake, bolopeniyo imatola tizidutswa ta pepala. Timoto ta m'juzi ndi mphenzi yomwe imagwa panyanja m'dzinja n'zamtundu umodzi, zimangosiyana kukula. Ana athu amaphunzira zimenezi ku sekondale, koma amene akufunika kuzidziwa kwambiri ndi msodzi yemwe mvula yamabingu yamupeza pakati pa madzi, ndi mayi yemwe wathamangira kukaanula usipa pathandala.

Chaji

Chinthu chilichonse, kaya madzi, mwala kapena thupi la munthu, chinapangidwa ndi tizinthu tosaoneka ndi maso totchedwa maatomu. Pakati pa atomu pali mapulotoni, ndipo kunja kwake kuli maelekitironi. Mapulotoni ali ndi chaji ya pozitivi, maelekitironi ali ndi chaji ya negetivi. Izi ndi zomwe zizindikiro za + ndi − za pa batire zimaimira. Nthawi zambiri mbali ziwirizi zimakhala zofanana kuchuluka, n'chifukwa chake sitimva kanthu tikagwira mtondo kapena nkhafi.

Zinthu ziwiri zikakwechana, maelekitironi ena amachoka pa chimodzi kupita pa chinzake. Cholandiracho chimakhala negetivi, chotayacho chimatsala pozitivi. Palibe chaji yatsopano yomwe yapangidwa apa, yangosamuka.

Agiriki akale ankadziwa kuti utomoni wa mtengo womwe unauma n'kulimba ngati mwala umakoka tinthenga ukakwechedwa. Utomoniwo ankautcha elektron, ndipo dzina la elekitironi linachokera pamenepo. Mayina akuti pozitivi ndi negetivi anabwera ndi Benjamin Franklin wa ku America, yemwenso m'chaka cha 1752 anasonyeza kuti m'mitambo ya mvula muli chaji yofanana ndi yomwe anthu ankaipeza pokwecha zinthu. Kafukufuku wotereyu anali woika moyo pachiswe: chaka chotsatira, mu 1753, Georg Richmann anaphedwa ndi mphenzi mumzinda wa St Petersburg akuyesa kuyeza chaji ya m'mitambo m'nyumba mwake. Elekitironi yeniyeniyo inadzatulukiridwa mu 1897 ndi J.J. Thomson ku Cambridge.

Chaji imayezedwa mu ma coulomb. Kuti coulomb imodzi ikwane pamafunika maelekitironi ochuluka ngati nambala 6 yotsatiridwa ndi maziro 18.

Kukokana ndi kukankhana

Chaji zofanana zimakankhana, zosiyana zimakokana. Mu 1785, Charles-Augustin de Coulomb wa ku France anayeza mphamvu imeneyi n'kupeza kuti imakula chaji zikachuluka, ndipo imachepa msanga zinthu zikatalikirana. Mukawirikiza kawiri mtunda wa pakati pa chaji ziwiri, mphamvuyo simatsika ndi theka, imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Mukawirikiza katatu, imatsala gawo limodzi mwa magawo 9. N'chifukwa chake bolopeni ija imatola pepala pokhapokha itayandikira kwambiri.

Wina angafunse kuti, nanga pepala lomwe silinakwechedwe likukokedwa bwanji? Bolopeni ya negetivi ikayandikira, imakankha maelekitironi a m'pepala kuti asendere pang'ono kumbali yakutali, ndiye mbali yapafupi imatsala pozitivi n'kukokedwa. Funsoli likuoneka laling'ono, koma yankho lake ndi lomwe limafotokoza zimene mtambo umachita ku nthaka ndi ku nyanja.

Dera la mphamvu

Chaji sidikira kukhudza chinthu kuti ichikoke. Malo onse oizungulira amakhala ndi mphamvu yake, ndipo chaji ina iliyonse ikalowa m'malo amenewo imakokedwa kapena kukankhidwa. Malo amenewa tingawatche dera la mphamvu ya magetsi. Michael Faraday wa ku England ankalijambula ngati mizere yochoka pa pozitivi kukathera pa negetivi. Pomwe mizere yathinana, mphamvu ndi yaikulu.

Mumtambo wakuda wa mvula yamabingu, mphepo imakweza madontho a madzi kufika m'mwamba mozizira kwambiri, momwe amaundana. Timatalala tolemera tomwe tikutsika timagundana ndi tizidutswa ta ayezi topepuka tomwe tikukwera, ndipo pogundanapo chaji imasamuka. Pamwamba pa mtambo pamakhala pozitivi, kunsi kwake kumadzaza negetivi. Negetivi ya kunsiyi imakankha maelekitironi a pankhope ya nthaka kapena madzi, monga bolopeni ichitira ku pepala, ndipo pansipo pamasanduka pozitivi.

Mizere ija imathinana pa chilichonse chachitali kapena chosongoka: mtengo wa mlambe kapena wa mango womwe waima wokha, nsanja ya mzikiti, mlongoti wa mlongoti wa foni, ngakhalenso munthu. Panyanja palibe phiri, palibe mtengo. Msodzi amene waimirira m'bwato ndiye chinthu chachitali pamalo onsewo. Mpweya wouma sulola magetsi kudutsa, koma mphamvu ikafika pafupifupi mavolti 3 miliyoni pa mita imodzi, mpweyawo umagonja n'kusanduka njira. Mumtambo, momwe muli madontho ndi ayezi, kugonjaku kumayamba ngakhale mphamvu isanafike pamenepo. Tsitsi likayamba kuimirira lokha mabingu ali pafupi, ndiye kuti thupi lanu lili m'dera lamphamvu kwambiri, ndipo ngozi yayandikira.

Volteji

Madzi a m'nyanja yathu amatulukira mu Shire n'kukagwa pa mathithi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komwe amapukusa makina opanga magetsi. Chomwe chimawapatsa mphamvu n'chakuti akuchokera pamalo okwera kupita pamalo otsika. Chaji nayonso ili ndi malo ake okwera ndi otsika, ndipo kusiyana kwa malo awiriwo ndiko timati volteji. Volti imodzi ndiye kuti coulomb iliyonse yodutsa pakati pa malo awiriwo yanyamula nyonga ya joule imodzi. Dzinali linachokera kwa Alessandro Volta wa ku Italy, yemwe anapanga batire yoyamba mu 1800.

Batire ya tochi ili ndi mavolti 1.5, ya galimoto 12, magetsi a m'nyumba 230. Pakati pa mtambo ndi nthaka volteji imatha kufika mavolti 100 miliyoni. Njira ikatseguka, mpweya wa m'njiramo umatentha kufika madigiri pafupifupi 30,000, n'kufutukuka mwadzidzidzi. Phokoso la kufutukukako ndilo bingu.

Mfundo imene ambiri amaiphonya ndi yakuti chimene chimapweteka ndi kusiyana kwa volteji pakati pa mbali ziwiri za thupi. Mbalame imatera pa waya wa magetsi osafa chifukwa miyendo yake yonse ili pa volteji imodzi. Mphenzi ikagwa pamtengo, magetsi amamwazikira m'nthaka, volteji n'kumatsika mukamatalikira mtengowo. Phazi lomwe lili pafupi ndi mtengo limakhala pa volteji yokwera kuposa linzake, ndiye magetsi amalowera mwendo uwu n'kutulukira winawo. Ng'ombe zimafa zambiri nthawi imodzi chifukwa miyendo yakutsogolo ndi yakumbuyo ndi yotalikirana, ndipo magetsi amadutsa pomwe pali mtima. Munthu wogona pamphasa pansi ali pangozi yomweyo. Anthu ambiri ovulala ndi mphenzi sakhala kuti yawagwera pamutu, imawapeza kudzera m'nthaka kapena kudumpha kuchokera pamtengo womwe ausapo mvula.

Izi zimayankhanso funso lomwe limavuta pamaliro: bwanji pa anthu asanu omwe anali pansi pa mtengo umodzi, wafa mmodzi yekha? Yankho lili pa pomwe aliyense anaima, momwe anatambalitsira miyendo, ndi ngati anatsamira tsinde. M'midzi ina funsoli limathera poloza chala gogo wina kuti ndiye watumiza mphenzi, chikhalirecho mtambo unangotsata njira yomwe inali yosavuta.

Pothawira

Kuwala kumafika nthawi yomweyo, koma phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Mukaona kung'anima, werengani masekondi kufikira bingu litamveka: masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi. Bingu likamamveka ndiye kuti mphenzi ingathe kukufikani, choncho bwato liyambe kulowera kugombe mitambo ikangoyamba kuda, osadikira madontho. Akatswiri a zanyengo amalangiza kudikira mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza musanabwerere pamadzi.

Mu 1836 Faraday anasonyeza kuti chaji imakhala kunja kwa bokosi lachitsulo, osalowa mkati. Galimoto kapena minibasi yotseka mawindo imateteza chifukwa cha chitsulo chake, osati matayala. Nyumba yolimba yokhala ndi mawaya olumikizidwa bwino kunthaka imatetezanso, bola musagwire mawaya, mipope kapena foni yomwe ili pa chaja. Chisakasa cha pagombe ndi khonde lotseguka zimangoteteza ku mvula basi. Nyumba zazitali monga mizikiti ndi sukulu zimafunika ndodo yachitsulo pamwamba, yolumikizidwa ndi waya wokhuthala wolowa m'nthaka, kuti mphenzi ipeze njira yake yosadutsa m'makoma.

Munthu amene waombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi. Mugwireni mosaopa. Ngati sakupuma, yambani kumusindikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira pamene ena akusaka galimoto yopita naye kuchipatala.