Mwana Aphunzire Chiyani? Mbiri ya Maphunziro a Ana a ku Chitipa

Chaka ndi chaka, pamene zotsatira za mayeso a Fomu 4 zituluka, m'midzi yathu ya kuno ku Chitipa mumveka nthungululu. Koma asanapite masiku ambiri, mnyamata kapena mtsikana wopambanayo akhala pansi ndi chikalata chopemphera malo ku yunivesite, ndipo chikalatacho chimfunsa atchule maphunziro amene afuna. Pamenepo atate ake anena za udotolo, amalume anena za malamulo, ndipo amake angofuna kuti mwana apeze ntchito msanga, pakuti ng'ombe zinapita kale polipira sukulu. Funso limeneli makolo athu anakomana nalo kale, ndipo tichita bwino kuona umo analiyankhira, ndi zimene zinawagwera pambuyo pake.

Sukulu inafika m'dziko lino potsata mseu. M'chaka cha 1881 Azungu anayamba kulambula mseu wa Stevenson, wochokera ku Karonga kulinga ku nyanja ya Tanganyika, ndipo mmisiri wake, James Stewart, anamwalira m'chaka cha 1883 ntchito isanathe. M'zaka zomwezo a Misyoni ya Livingstonia anamanga kwa Mweniwanda, kumene anakhala mbusa J. A. Bain, koma malowo sanakhalitse. M'chaka cha 1894 anatsegula Mwenzo, patsidya pa malire m'dziko limene lero litchedwa Zambia, ndipo chaka chomwecho Dotolo Robert Laws anayamba sukulu yaikulu ya Overtoun pa phiri la Khondowe. Boma la Angerezi nalonso linamanga linga lake, nalitcha Fort Hill, ndilo dzina lakale la Chitipa.

Pa Khondowe ndi pamene mwana wa kumpoto kuno anayamba kufunsidwa kuti, Ufuna kuphunzira chiyani? Pakuti panali njira zambiri: ya uphunzitsi, ya ubusa, ya kuthandiza m'chipatala, ya ukalaliki ndi kutumiza mau pa waya, ndiponso ya ntchito za manja, monga kupala matabwa, kumanga ndi njerwa, kusindikiza mabuku ndi ulimi. Amisyoni anafunitsa aphunzitsi ndi alaliki a m'midzi, koma malipiro a mphunzitsi anali ochepa, msonkho wa nyumba unafunika chaka chilichonse, ndipo anyamata ambiri odziwa Chingerezi ndi masamu anatuluka kukakhala makalaliki ndi akapitao ku migodi ya ku Rhodesia, ku Katanga ndi ku Joni. Mmodzi wa iwo ndiye Clements Kadalie wa ku Utonga, amene anaphunzira uphunzitsi, naphunzitsa kanthawi kochepa, ndipo m'chaka cha 1919 anayambitsa bungwe lalikulu la antchito akuda ku Cape Town. Ena anakhala pa ntchito imene anaiphunzira, monga David Kaunda, amene anatumidwa kukalalikira ndi kuphunzitsa ku Chinsali pakati pa Ababemba, nakhala komweko kufikira imfa yake. Mwana wake Kenneth ndiye anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia.

Dotolo Laws analakalaka kuti sukulu yake idzakule kufikira kukhala yunivesite, koma anabwerera kwao m'chaka cha 1927 osaona chimenecho. Ndipo amene anamlowa m'malo anatsata maganizo a nthumwi za Phelps-Stokes, zimene zinayendera dziko lino m'chaka cha 1924, akuti Mwafirika aphunzire makamaka zomuthandiza pamudzi. Sekondale yoyamba inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1940, ndipo wofuna digiri anayenera kutuluka m'dziko, kupita ku Fort Hare, ku Makerere, kapena kutsidya kwa nyanja. Kamuzu Banda anachita maphunziro a mbiri yakale ku Chicago, natsiriza m'chaka cha 1931, ndipo pambuyo pake anatembenukira ku udotolo pa Meharry, natsiriza m'chaka cha 1937. Komatu ntchito imene dziko limkumbukira nayo inali ina ndithu, ndiyo ya ndale.

Tsono tifike pa mwana wathu weniweni, Legson Kayira, wobadwira m'mudzi wa Mpale m'boma lino, kwa makolo osauka ndi osadziwa kuwerenga. Iye anaphunzira pa sekondale ya Livingstonia, ndipo atawerenga za Abraham Lincoln ndi Booker T. Washington anatsimikiza mumtima kuti adzaphunzira ku America, kuti adzabwere kudzathandiza dziko lake. Mu Okutobala 1958 ananyamuka wapansi, ali ndi Baibulo, buku la Ulendo wa Mkristu, bulangete, kankhwangwa ndi kamba wa masiku owerengeka, nalinga ku Igupto, poganiza kuti kumeneko adzagwira ntchito m'chombo chopita ku America. Anadutsa Tanganyika, akumagwira ganyu m'njira, nafika ku Kampala. Ndipo m'nyumba ya mabuku ya kumeneko anapeza buku la maina a makoleji a ku America, nalembera kalata ku Skagit Valley College m'chigawo cha Washington. Iwo anamlandira. Anapitirira kufikira ku Khartoum, ndipo ophunzira a pakolejiyo pamodzi ndi anthu a m'mudzimo anasonkha ndalama za ndege, kotero kuti anafika kumeneko pa kutha kwa chaka cha 1960, zitapita zaka ziwiri chinyamukire.

Kayira anasankha maphunziro a ndale pa University of Washington, ndipo pambuyo pake anaphunzira mbiri yakale pa Cambridge ku Mangalande. Kusankha kumeneko kunali kwanzeru m'masiku amenewo, pakuti Nyasaland inali pafupi kudzilamulira, ndipo maofesi amene Azungu anali kusiya anafuna eni dziko ophunzira. Koma m'chaka cha 1964, ufulu utangobwera, nduna zinasemphana ndi Dotolo Banda, ndipo anthu ophunzira monga Chipembere, Chiume ndi Orton Chirwa anathawa m'dziko. Kayira anakhazikika ku Mangalande, nagwira ntchito yoyang'anira ndi kulangiza anthu olakwira malamulo amene akhoti sanawatsekere m'ndende. Analemba buku la ulendo wake, lotchedwa I Will Try, m'chaka cha 1965, ndi mabuku ena anayi a nthano; lotsiriza, The Detainee, la m'chaka cha 1974, linena za munthu wamba wozunzidwa pansi pa wolamulira wankhanza. Anamwalira ku London m'chaka cha 2012. Ofesi ya Boma imene anailingalira ali mnyamata sanaikhale, koma luso la kuwerenga, kuganiza ndi kulemba limene anakalitenga linamdyetsa moyo wake wonse, ndipo ndi luso lomwelo anatumikira mtundu wake ali kutali.

M'chaka cha 1965 yunivesite ya Malawi inatsegulidwa ku Blantyre, ndipo njira zinachuluka: ulimi ku Bunda, umisiri ku Polytechnic, uphunzitsi ndi malamulo ku Chancellor College, imene inasamukira ku Zomba m'chaka cha 1973, unamwino kuyambira 1979, ndi udotolo kuyambira 1991. Yunivesite ya Mzuzu inalandira ophunzira oyamba m'chaka cha 1999, ndipo m'chaka cha 2003 Sinodi ya Livingstonia inatsegula yunivesite pa Khondowe, zitapita zaka 76 chichokere Dotolo Laws. Ana ambiri a kumpoto anakonda uphunzitsi, poyesa kuti ndiyo ntchito yosagwedezeka. Koma m'chaka cha 1989 Boma linalamula kuti aphunzitsi ochokera kumpoto abwerere kuchigawo chao, ndipo mabanja ambiri anasamuka mwadzidzidzi, kusiya nyumba ndi minda.

Chitsanzo china chili pa mseu wathu wa ku Karonga. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera unatsegulidwa m'chaka cha 2009, ndipo ambiri anati tsogolo lili m'maphunziro a miyala ndi migodi. Koma m'chaka cha 2011 kunachitika ngozi pa malo opangira magetsi ku Fukushima, m'dziko la Japan. Mtengo wa yureniyamu unagwa, ndipo mgodi unaima m'chaka cha 2014, osayambanso kufikira 2025. Digiri itenga zaka zinayi, ndipo mgodiwo unagwira ntchito zaka zisanu zokha usanaime.

Nanga tiphunzirapo chiyani, inu makolo ndi ana? Choyamba, kuyang'ana ntchito ya m'tsogolo nkoyenera, pakuti Ambuye mwini anatiphunzitsa pa Luka 14 kuti womanga nsanja ayambe wawerengera mtengo wake. Ndipo safunsa anadya phula, choncho mwana afunse amene anatsiriza maphunziro omwewo kuti ali kuti lero. Chachiwiri, ntchito imene ikoma chaka chino ikhoza kutha mwana asanatsirize, koma zosowa za anthu zikhalitsa: alimi a khofi ku Misuku afuna alangizi, ng'ombe zathu zifuna odziwa matenda ake, ndipo wodwala wa ku Kameme kapena ku Nthalire afuna namwino womva Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha kapena Chitumbuka. Chachitatu, musaumirize mwana njira imene mutu wake suilola; wokanika masamu akalowa umisiri chifukwa cha kuopa atate ake, adzabwera chimanjamanja, ng'ombe zitatha.

Chifukwa chake, mwana akabwera ndi chikalata chija, khalani naye pansi pamodzi ndi mphunzitsi wake, muone maphunziro amene anakhoza bwino, mumve chimene mtima wake ufuna, mupemphere, ndipo mumlole alembe yekha ndi dzanja lake. Akasankha, mlimbikitseni kuti achiphunzire ndi mtima wonse, monga anachitira mnyamata wa ku Mpale uja, pakuti chimene munthu achidziwa bwino adzapita nacho kulikonse kumene Mulungu adzamtsogolera.